Ma convict anga akuzunza nsomba zina, mazira nawo akungoyera: cholakwika n'chiyani?

Wakuphunzira:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi thanki ya nsomba ya malita pafupifupi 60, yotalika masentimita 60, mulifupi 30, msinkhu 35. Muli ma convict 4, ma guppy 6 (tinsomba ting'onoting'ono ta michira yaitali) ndi pleco mmodzi (nsomba yapansi yopala ndere). Thankiyi yatha masabata 7 chiikireni nsomba. Fyuluta ndi kakang'ono ka mkati kokhala ndi siponji, hita ndilibe. Madzi ndi a pampopi. Ndimasintha onse kamodzi pa masabata awiri, n'kutsuka timiyala ndi siponji pampopi mpaka ziyere.

Awiri mwa ma convict aja agwirizana, akumba dzenje pansi pa mwala, ndipo akuthamangitsa china chilichonse. Awiri enawo angounjikana pakona ya pamwamba, mtundu wawo wafwifwa. Ma guppy michira yang'ambika ndipo awiri afa. Aikira mazira kawiri. Ulendo woyamba ambiri anayera pasanathe masiku awiri n'kumera zonga thonje. Ulendo wachiwiri anangosowa usiku umodzi. Kodi vuto ndi kuchepa kwa thanki, madzi, kapena nsomba zimene ndaphatikizazi? Nanga yaimuna ndi yaikazi ndizisiyanitse bwanji?

Phangalamwala:

Achimwene, nsomba zanu sizinapenge ayi. Zimene mukuonazo ndi banja lomwe lamanga pakhomo pake ndipo likulondera. Lero lomwe, musanagule chilichonse, chotsani ma convict awiri otsalawo pamodzi ndi ma guppy. Ngakhale m'beseni lalikulu laukhondo, lokhala ndi pampu ya mpweya ndi chovindikira, angakhale bwino kuposa pakona pamene alipo. Nsomba ikamakhala pakona ya pamwamba, zipsepse itapinda, ndiye kuti yasowa kothawira, ndipo yotero sichedwa kufa.

Kuti mumvetse ukaliwu, yambani ndi kumene nsombayi imachokera. Convict, imene akatswiri amaitcha Amatitlania nigrofasciata, kwawo ndi ku Central America, kuyambira ku Guatemala ndi El Salvador kutsika kudzera ku Honduras, Nicaragua ndi Costa Rica mpaka ku Panama. Albert Günther ndiye anailemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1867, ndipo dzina loti Amatitlania linabwera mu 2007 kuchokera ku nyanja ya Amatitlán ya ku Guatemala. Loti convict linadza chifukwa cha mizere yakuda 8 kapena 9 yotsika m'thupi, yonga zovala za akaidi akale. Imakonda mitsinje ya miyala, mizu ndi nthambi zogwera m'madzi, momwe muli ming'alu yobisalamo.

Convict ndi ya m'gulu la nsomba lotchedwa cichlid. Ambiri kuno tikamva dzinali timaganiza chambo ndi mbuna, zomwe yaikazi imafungatira mazira m'kamwa n'kumayenda nawo. Convict si choncho. Imamata mazira pamwala kapena m'phanga, ndipo bambo ndi mayi onse amalera. Ya kwathu yofanana nayo khalidwe ndi chilunguni. Poti mazira ali pamalo amodzi osasunthika, njira yokha yowatetezera ndi kupirikitsa aliyense woyandikira. M'thanki ya masentimita 60, paliponse ndi pafupi ndi mazira. Ukali wonse mukuuonawo gwero lake ndi limenelo.

Kusiyanitsa n'kosavuta nsomba zikafika masentimita 4 kapena 5. Yaikazi imakhala ndi madontho a olenji pamimba, nthawi zina mpaka pachipsepse cha pamsana, ndipo mtunduwo umawala kwambiri ikayandikira kuikira. Ndi yocheperako, yozungulirako thupi, kawirikawiri siipyola masentimita 8 mpaka 10. Yaimuna ilibe olenjiyo, imakula mpaka masentimita 12 kapena kupyolako pang'ono, zipsepse za pamsana ndi za kumimba zimasongoka n'kutalikira kumchira, ndipo ikakalamba imamera linunda pachipumi. Yang'anitsitsani awiri anuwo. Ngati onse ali ndi olenji pamimba, muli ndi zazikazi ziwiri, ndipo zimenezo zimachitika: zimagwirizana, n'kuikira, koma mazira onse amayera chifukwa palibe wowathira umuna.

Za kukula kwa thanki. Banja limodzi lokha, popanda nsomba ina, malita 75 ndiye pothera penipeni, ndipo ine sindingalangize munthu kuyambira pamenepo. Yabwino ndi ya masentimita 90 m'litali, 40 mulifupi, 40 msinkhu, yomwe ndi malita 144. Chofunika kwambiri ndi kutalika ndi kutambalala kwa pansi, osati msinkhu, chifukwa nsombazi zimagawana malo a pansi. Ngati mukufuna kuphatikiza zina, muyambire masentimita 120 ndi malita 200 kupita m'tsogolo. Kumbukirani kulemera: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 144 pamodzi ndi galasi, mchenga ndi miyala imayandikira makilogalamu 200. Tebulo likhale lolimba ndi losapendekeka, ndipo muyale fomu yoyera ija imabwera m'makatoni a mafiriji pansi pa galasi, kuti kamchenga kamodzi kasang'ambe thanki.

Kakonzedwe ka mkati ndi kamene kamachepetsa ndewu. Miyala ikuluikulu muziika pagalasi penipeni, mchenga ubwere pambuyo. Mukaisanja pamwamba pa mchenga, convict ikumba pansi pake, mwala n'kugudubuka, n'kuphwanya nsomba kapena galasi. Mchenga wa kumtsinje wosefa ndi wotsuka bwino, wokhuthala masentimita 3 kapena 4, ndi wokwanira. Wokhuthala kupyola apo umasunga litsiro lomwe limawolera mkati. Ikani mapanga osachepera atatu. Miphika ya dothi ya maluwa yosapaka utoto, ya pakamwa pa masentimita 10 mpaka 12, yogoneka chammbali, ndiyo yotchipa ndipo amaikonda. Umodzi ukhale kumapeto kumodzi kwa thanki, kukamwa kutaloza kukhoma la m'mbali, kuti banjalo likakhala mkati lisamaone thanki yonse. Pakati imikani mwala wautali kapena chitsa chotchinga maso. Convict imathamangitsa chimene ikuchiona. Chimene chabisika kuseri imachisiya.

Phanga limodzi likhale ndi khomo laling'ono loti yaikazi ilowe koma yaimuna ikanike. Mphika wovundikira pansi, wogumula pang'ono pamlomo n'kupalapo ndi sandipepa kuti pasacheke nsomba, umagwira ntchito imeneyi.

Zomera zodzala mumchenga azizula m'mawa womwewo. Anubias ndi Java fern zomangirira pachitsa ndi ulusi wa nayiloni ndizo zimapirira.

Pa nsomba zokhalira limodzi, guppy, molly, angelfish, goldfish ndi iliyonse ya mchira wautali kapena yoyenda pang'onopang'ono, ayi. Mbuna nazonso ayi, ngakhale madzi angagwirizane: zimafuna miyala yomweyo, zimadya zamasamba kwambiri, ndipo chakudya cha nyama chimene convict imalandira bwino chimazitupitsa mimba. M'thanki ya masentimita 120, ma giant danio 6 kapena 8 amapirira chifukwa ndi aliwiro ndipo amakhala pamwamba. M'thanki yochepera apo, banjalo likhale lokha.

Dontholamadzi:

Zimene anena a Phangalamwala ndikugwirizana nazo, koma ma guppy awiri afawo sindingawaike onse pamutu pa convict. Kasamalidwe kanu ka madzi, achimwene, nako kakupha nsomba, ndipo mwina ndi kamene kakuwononga mazira.

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'zopumira zake ndi m'ndowe, ndipo zotsala za chakudya zikawola zimawonjezera. Amoniya ndi poizoni. M'siponji ya fyuluta ndi pamiyala mumamera mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe alibe ukali kwambiri ndipo timamuchotsa posintha madzi. Kuti mabakiteriyawa achuluke mokwanira pamatenga masabata 4 mpaka 6. Madzi a pampopi ali ndi klorini, yemwe ntchito yake ndi kupha mabakiteriya. Ndiye mukamatsuka siponji ndi timiyala pampopi mpaka ziyere, mukubweza thanki yanu pachiyambi masabata awiri alionse. Yatha masabata 7, koma sinakhwime ndi kamodzi komwe. Convict ndi yolimba, imapirira madzi oterewa, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti zonse zili bwino. Guppy yovulazidwa kale ndi mazira sizipirira.

Chitani motere. Sabata iliyonse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi, malita 15 m'thanki yanu ya panopa, kapena 36 m'thanki ya malita 144. Muzikoka ndi payipi kuchokera pansi kuti ndowe zituluke. Siponji muziifinya katatu kapena kanayi m'ndowa ya madzi mwachotsa m'thankiwo, ingochoka matope basi, ibwerere ikadali yabulauni. Madzi atsopano muzithira mankhwala ochotsa klorini monga mwa muyezo wa pabotolo. Kugoneka madzi m'ndowa yosavindikira maola 24 kumachotsa klorini wamba, koma sikuchotsa chloramine, mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi a pampopi, kumene amagwiritsa ntchito ameneyo, ndiye mankhwalawo ndiwo odalirika. Madzi a pamjigo alibe klorini koma amakhala ndi mpweya wochepa, muwapope ndi pampu usiku umodzi. Ndowa ndi payipi zikhale za nsomba zokha, zosakhudzako sopo.

Gulani zoyezera madzi za madontho. Amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate asapyole mamiligalamu 40 pa lita, ndipo pamene pali tiana ndi bwino akhale pansi pa 20. Pa pH, womwe ndi muyezo wa asidi m'madzi, musavutike: convict imakhala bwino kuyambira 6.5 mpaka 8, ndipo kuthira mankhwala okweza kapena kutsitsa kumabweretsa kusinthasintha komwe ndi koipa kuposa nambala iliyonse pakati pamenepo. Pamene thanki ikukhwima, mukapeza amoniya kapena nitrite wafika 0.5, sinthani theka la madzi tsiku lomwelo ndipo musadyetse mpaka mawa.

Hita ndi yofunika. Kutentha koyenera ndi madigiri 24 mpaka 28, ndipo 26 ndi pabwino poswetsa. Mu Okutobala simungaone kufunika kwake, koma mu Juni ndi Julaye thanki yaing'ono ya m'nyumba imazizira kwambiri usiku, makamaka kumadera okwera monga Dedza ndi Mzuzu. Madzi akazizira mazira amachedwa kuswa, ndipo chuku chimapeza nthawi yowagwira. Muyezo wosavuta ndi pafupifupi wati imodzi pa lita: mawati 75 pa thanki yanuyo, 150 pa yaikulu ija. Ikhale pafupi ndi potulukira madzi a fyuluta, ndipo muziizimitsa musanatsitse madzi, chifukwa ikatuluka m'madzi ili yotentha imasweka. Thankiyo isakhale padzuwa la pawindo. Fyuluta nayo izitha kuzunguliza madzi onse kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi pa ola, ndiye ya malita 144 ikufuna yopopa malita 600 mpaka 800 pa ola.

Tsopano mazira. Dzira lamoyo limakhala lotuwa chachikasu, loonekera mkati, ndipo pofika tsiku lachiwiri mumayamba kuoneka kadontho kakuda. Loyera ngati choko ndi lakufa. Ochepa akayera si vuto, mayi amawadompha yekha. Onse akayera, zifukwa ndi zitatu: zazikazi ziwiri monga anenera anzathu, yaimuna yosakhwima yomwe sinadziwebe kudutsa pamazira, kapena madzi oipa ndi ozizira. Zonga thonjezo ndi chuku, chimayambira pa akufa n'kufalikira kwa amoyo.

Osowa usiku aja, funso ndi lakuti anasowa tsiku lachingati. Ngati ndi usiku woyamba kapena wachiwiri, woyamba kumuganizira ndi pleco. Amayenda mumdima pamene makolo sakuona bwino, khungu lake ndi lolimba moti kumujompha sikumubweza, ndipo amapala mwala wonse pa mphindi zochepa. Makolo achichepere nawonso amadya mazira awo akamasokonezedwa, kawirikawiri maulendo awiri kapena atatu oyamba. Koma ngati linali tsiku lachitatu, mwina sanasowe konse. Pa madigiri 26 mazira amaswa pakatha maola pafupifupi 72, ndipo makolo amanyamula tianato ndi kamwa n'kukatiika m'dzenje lomwe akumba. Anthu ambiri amayesa kuti adyedwa, n'kupopa mchenga, n'kutaya tiana tamoyo.

Za magetsi akazima. Choopsa choyamba si kuzizira, ndi mpweya. Kapampu ka mabatire kapena ka USB koyendera power bank, kolumikiza ku fyuluta ya siponji, kamasunga nsomba ndi mabakiteriya omwe. Ngati mulibe, muzitunga madzi ndi jagi n'kuwatsanulira kuchokera pamwamba kangapo pa theka lililonse la ola. Fundikani thanki ndi bulangeti, ndipo musadyetse mpaka magetsi atayaka. Fyuluta yotsekeka ya kunja ikakhala maola ambiri osayenda, madzi a mkati mwake amawola. Muwataye kaye musanaiyatsenso.

Wakuphunzira:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayang'ana, mmodzi yekha ndiye ali ndi olenji pamimba. Enawo ndi pleco ndawachotsa. Thanki ya masentimita 90 ndaipeza, hita ndagula. Koma dzulo aikiranso m'thanki yakaleyi. Ndiwasamutse panopa kapena ndidikire? Tiana tikaswa ndizitipatsa chiyani, ndipo ndichotse makolo? Komanso tikachuluka, kodi ndingakathire tina m'damu la pafupi ndi kwathu?

NaChilunguni:

Ndiyambe ndi funso lomalizalo, achimwene: m'damu ayi, mumtsinje ayi, m'ngalande ya madzi a mvula ayi. Convict imakhwima ili ndi miyezi 4 mpaka 6, imadya chilichonse, imapirira madzi oipa ndipo imateteza ana ake, ndiye ikalowa m'madzi ofunda imakhazikika. Zinachitika kale ku Australia, ku Hawaii ndi ku Mexico, kumene inatuluka m'manja mwa oweta n'kuyamba kuswana m'madzi a kutchire. Damu limasefukira nthawi ya dzinja, madzi ake amapita mumtsinje, ndipo mitsinje yathu yambiri imathera m'nyanja ya Malawi kapena mu Shire. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya cichlid mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park inaikidwa pa malo otetezedwa ndi UNESCO mu 1984. Nsomba yachilendo ikalowa m'madzi otero palibe angaichotsenso. Ngakhale madzi osintha m'thanki ya tiana muzithira m'dimba kapena pamaluwa, osati m'ngalande.

Pa kusamutsa: dikirani. Poti panopa ali okha, malita 60 awakwanira masabata atatu kapena anayi. Mukawasuntha ndi mazira adzawadya. Nthawi imeneyi igwiritseni ntchito pokhwimitsa thanki yatsopano. Gulani fyuluta ya siponji yoyendera mpweya, muiike m'thanki yakaleyi kuti igwire mabakiteriya, ndipo tsiku losamuka ipite limodzi ndi nsomba ili yonyowa. Pakamwa pa fyuluta yamagetsi mumangepo siponji kapena kansalu ka neti, apo ayi idzameza tiana.

Masiku ake amayenda chonchi pa madigiri 26. Mazira amakhala 100 mpaka 300, yaikazi yaing'ono imaikira ochepa. Mayi amawakupiza ndi zipsepse usana ndi usiku kuti apeze mpweya, bambo amazungulira kunja. Tsiku lachitatu amaswa. Tiana timakhala mulu m'dzenje, tikungonjenjemera michira, tikudya kathumba ka chikasu kamene kali pamimba. Makolo amatisuntha dzenje ndi dzenje, nthawi zina kangapo patsiku. Masiku amenewa musathire chakudya cha tiana, chingowola. Pakatha masiku ena 4 kapena 5 timadzuka tonse pamodzi ngati kamtambo kuzungulira mayi. Kudyetsa kumayamba tsiku limenelo.

Chakudya chopambana ndi brine shrimp, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi a mchere, tongoswa kumene. Dulani botolo la pulasitiki la malita awiri kumatako, muliimike chozondoka. Thirani lita imodzi ya madzi, mchere wopanda ayodini magalamu 25 mpaka 30, ndi kotala ya supuni yaing'ono ya mazira a brine shrimp. Kapayipi ka mpweya kafike pansi penipeni kuti mazira azizungulira. Pa madigiri 26 mpaka 28 amaswa pakatha maola 24 mpaka 36. Zimitsani mpweya mphindi 5, makoko ayandama, tizilombo ta olenji titsika pansi. Kokani ndi kapayipi, sefani pakansalu, tsukuluzani ndi madzi opanda mchere. Tiana tikadya mimba zimaoneka za olenji, ndipo umo ndi momwe mungadziwire kuti chakudya chikufika.

Ngati mazira a brine shrimp sakupezeka, musade nkhawa. Tiana ta convict timabadwa tokulirapo ndipo timalandira ma flake, chakudya cha nsomba chopyapyala chogula kusitolo, operapera mpaka akhale ngati ufa. Muwasungunule m'kapu ya madzi a m'thanki, n'kupopera pafupi ndi tiana ndi sirinji, chifukwa ufa woyandama pamwamba sititha kuufikira. Chikasu cha dzira lowiritsa chimathandizanso masiku atatu oyamba, koma kachidutswa konga mutu wa machesi basi, poti chimawononga madzi msanga. Dyetsani katatu kapena kanayi patsiku pang'onopang'ono, ndipo muzisintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi masiku awiri alionse ndi kapayipi kakang'ono ka mpweya. Musanataye, yang'anani m'ndowamo. Mudzaona makolo akugwedeza mchenga ndi mimba kapena kutembenuza tsamba logwa. Akufukulira ana tizakudya, musawaletse.

Makolo musawachotse. Amalera masabata 4 mpaka 6, ndipo kulerako ndiko kokoma kwa nsomba imeneyi. Chizindikiro choti nthawi yakwana ndi pamene mayi wayambanso kuyeretsa mphika ndipo olenji wa pamimba wawala. Apo chotsani tiana, chifukwa mazira atsopano akabwera, ana oyamba amasanduka adani. Thanki yanu ya malita 60 idzakhala yolereramo.

Vuto lenileni la convict ndi kuchuluka. Banja lodyetsedwa bwino likhoza kuikira mwezi ndi mwezi, ndipo ogula ndi ochepa chifukwa aliyense amene ali ndi ziwiri ali kale ndi zana. Malita 60 angalere bwino tiana 30 kapena 40 mpaka tifike masentimita awiri ndi theka. Tikapyola apo timapinimbira ndipo tikuluakulu timadya ting'onoting'ono. Funsani kaye kusitolo ya nsomba ndi kwa anzanu kuti angatenge zingati, mulere zomwezo. Maulendo ena chotsani mphika wa mazira tsiku loyamba n'kuutsuka ndi madzi otentha, kapena mulekanitse bambo ndi mayi. Wofuna mtendere amaweta yaimuna imodzi yokha, kapena zazikazi zokhazokha m'thanki yaikulu ya mapanga ambiri.

Makolowo muziwapatsa ma pellet (timibulu ta chakudya) a cichlid kawiri patsiku, odya n'kutha pa mphindi ziwiri, ndi tsiku limodzi pa sabata losadya. Kawiri pa sabata onjezani nyongolotsi zotsuka zochokera m'dothi losathira mankhwala, kapena ngumbi zochotsa mapiko pa nyengo yake, ndi nsawawa zowiritsa zosenda kapena tsamba la nkhwani lofutsa pang'ono. Nsima, buledi ndi usipa wothira mchere zisalowemo.

Phangalamwala:

Mayi NaChilunguni afotokoza bwino, koma pa zochotsa tiana kapena mazira ndiwonjezepo chenjezo, chifukwa apa ndi pamene zazikazi zambiri zimafera. Mukachotsa ana onse nthawi imodzi, yaimuna imafuna kuswanso pompo pamene yaikazi sinakonzeke, ndipo ukali wonse umene unkapita kwa adani umatembenukira kwa iyo. M'thanki yomwe ali awiri okha, usiku umodzi ndi wokwanira kuti muipeze yanyotsoka mamba. Choncho pochotsa muzisiyako tiana 10 kapena 15 kwa sabata ina, ndipo kaphanga ka khomo laling'ono kaja kakhalemo nthawi zonse.

Kukokana milomo ndi kumenyana ndi michira kwa mphindi zochepa n'kozolowereka pofunsirana. Koma yaikazi ikayamba kubisala kuseri kwa hita, mizere itazimirira, osatulukira chakudya, alekanitseni. Dulani chotchinga cha pulasitiki cha mabowomabowo chofika kuchokera pagalasi la pansi mpaka pachovindikira, chilowe pansi pa mchenga kuti asakumbe njira. Boolanipo khomo limodzi loti yaikazi yokha idutse. Madzi azidutsa, azionana, koma iyo ikhale ndi kothawira. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ikadya n'kunenepa, idzawolokera yokha kwa mwamuna wake.

Nsomba zovulazidwa mwazichotsa zija muziyang'anire. Zipsepse zong'ambika zimamera zokha m'madzi aukhondo pa masabata awiri kapena atatu. Chimene chimatsatira nkhanza ndi kuzizira ndi matenda a timadontho toyera tonga mchere pathupi, nsomba n'kumadzikhula pamiyala. Kwezani kutentha pang'onopang'ono, digiri imodzi pa maola angapo, mpaka 29 kapena 30, onjezani mpweya poti madzi ofunda amasunga wochepa, ndipo thirani mchere wopanda ayodini magalamu 2 pa lita, wosungunula kaye ndi wothira magawo atatu pa tsiku lathunthu. Kachilomboka kakakhala pakhungu la nsomba mankhwala sakafikira, kamafa pokhapokha katatuluka n'kumasambira kufuna nsomba ina. Ndiye pitirizani masiku 10 mpaka 14, ndipo musaleke mpaka patatha masiku atatu kadontho komaliza katasowa. Posintha madzi muzibwezera mchere wa malita mwachotsawo okha. Kumene kuli pleco, mcherewo ukhale theka.

Dontholamadzi:

Chimodzi chokha pa tsiku losamukalo. Madzi a m'thanki zonse ziwiri akhale ofanana kutentha, kusiyana kusapyole digiri imodzi. Yaikazi ilowe kaye, ikhale maola angapo kapena usiku umodzi kuti idziwe mapanga, yaimuna ibwere pambuyo nyale zitazima. Sabata yoyamba muziyeza amoniya ndi nitrite tsiku lililonse, chifukwa siponji imodzi yosamutsa siinyamula mabakiteriya onse a m'thanki yakale, ndipo fyuluta ina ija itsale kwa tiana.